Kalata yotseguka kwa akonzi a Weekly Shōnen Jump: ana athyoka mokwanira

Kwa Mkonzi Wamkulu ndi akonzi onse a Weekly Shōnen Jump,
Shueisha, Tokyo.

Olemekezeka akuluakulu,

Mundikhululukire kuti ndakulemberani m'chilankhulo chimene mwina palibe amene amachimva muofesi mwanumo. Ndachita dala. Nkhani ndili nayoyi ndaiganiza m'Chichewa, ndakangana nayo m'Chichewa ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo makolo anzanga amene ndikufuna aimve pamodzi ndi inu amawerenga Chichewa. Ikakufikani, womasulira simungamusowe.

Ndine mphunzitsi wa kusekondale kuno ku Malawi, komanso ndine malume. Kwathu kuno umalume si dzina chabe. Mwana wa mlongo wako akadwala, akasowa fizi, akapalamula, woitanidwa ndiwe. Mnyamata ndikunenayu ndakhala naye pakhomo panga kuchokera ali Sitandade 7, bambo ake atatisiya, ndipo ndi iyeyo amene anandikokera ku nthano zanu za zithunzi. Chifukwa cha MANGA Plus, pulogalamu yowerengera nthano zanu pa foni imene munatsegula mu Januwale 2019, gawo latsopano la My Hero Academia tinkaliwerenga nthawi imodzi ndi ana a ku Osaka. Kwanuko ikamakwana 12 koloko usiku kulowa Lolemba, kuno imakhala 5 koloko madzulo Lamulungu. Ndiye Lamulungu lililonse ndinkagula kabandulo, n'kukhala pakhonde anthu awiri pa foni imodzi, iye akuthamanga ndi chala, ine ndikumuletsa kuti dikira kaye iwe, sindinamalize. Pa chimenechi ndikuthokozani ndi mtima wonse. Simunatilipiritse ngakhale tambala.

Nthanoyo inatha pa 5 Ogasiti 2024, itayenda zaka 10, magawo 430, mabuku 42. Mwina mukuti munthuyu wabwera kudzalira maliro ataikidwa kale. Koma pa matebulo anu pakudutsa nthano zina za ana amphamvu zodabwitsa, ndipo amene amati iyi ilowe, iyi ikonzedwe apa, iyi ithe, ndinu. N'chifukwa chake sindikulembera Kōhei Horikoshi, wolemba ndi kujambula nthanoyo. Iye ntchito yake anamaliza, ndipo akapume.

Aliyense wodziwa magazini yanu, imene inayamba mu 1968, amadziwa mawu atatu amene mumayendera: ubwenzi, khama, chipambano. Ndi mawu abwino, ndipo akugulitsirani malonda, mpaka mu 1995 munasindikiza makope 6.53 miliyoni a sabata imodzi yokha. Koma nditawerenga zaka zingapo ndaona kuti pali mawu achinayi amene simuwatchula, ngakhale ali pafupifupi m'gawo lililonse. Mawuwo ndi nsembe. Ndipo choperekedwa nsembecho kawirikawiri chimakhala thupi la mwana.

Makolo anzanga amene simunaiwerengepo, nthanoyi ili motere. Anthu 80 mwa 100 aliwonse amabadwa ndi mphatso ina yake: wina amatulutsa moto, wina akakhudza chinthu chimayandama, wina thukuta la m'manja mwake limaphulika. Ungwazi ndi ntchito ya malipiro, ya laisensi, ndipo ili ndi sukulu yake yotchedwa U.A. Mnyamata wa zaka 14, Izuku Midoriya, anabadwa wopanda mphatso iliyonse. Tsiku lina mnzake amene ankamuzunza kusukulu, Katsuki Bakugo, anagwidwa ndi chigawenga. Ngwazi zenizeni zili chilili kudikira wina woyenerera, Midoriya anangothamanga kukamupulumutsa, chida chake chili chikwama cha mabuku. Ngwazi yotchuka kuposa zonse, All Might, inaona zimenezi n'kumusankha kuti alandire mphamvu yake. Poyambira pamenepa palibe angapanyoze. Ine ndinapawerenga katatu.

Koma tiyeni tiwerenge mabala. Pa mayeso olowera sukulu, mwanayu anathyoka miyendo yonse iwiri ndi mkono umodzi. Pa mpikisano wa masewera a sukulu, khamu la anthu likuonerera ndi makamera akujambula, anathyola zala zake chimodzichimodzi polimbana ndi mnzake wa m'kalasi Shoto Todoroki, zitatha anayambanso kumenya ndi zothyoka kalezo, dzanja lamanja n'kutsala lopindika ndi zipsera. Aphunzitsi anali pomwepo, koma analowererapo kumapeto kwenikweni. Ku msasa wa maphunziro wa kunkhalango anaphwanya mikono yonse poteteza kamwana kotchedwa Kota, mpaka dokotala anamuchenjeza kuti akabwereza kawiri kapena katatu, mikonoyo sidzagwiranso ntchito. Apa n'kuti ali ndi zaka 16, msinkhu wa Fomu 3 ya kuno. Mnzake wa kalasi yapamwamba, Mirio Togata, anadziika kutsogolo kwa chipolopolo kuti chisalase kamtsikana Eri, mphatso yake n'kuzimirira, koma anapitirizabe kumenya ali wamagazi. Wowaphunzitsa ungwaziyo, All Might, alibe chifu, mapapo anatsala theka, akamayankhula amatsokomola magazi, ndipo zonsezi amazibisa ndi kumwetulira.

Kumene kuli mtima wa mkonzi kumaoneka pa kagawidwe ka masamba. Chithunzi chachikulu, chodzaza masamba awiri, chimasungidwira nthawi imene mwana akukuwa, mkono utada bii, akumenya ndi mphamvu yoposa imene mafupa ake angapirire. Chipatala chimapatsidwa timabokosi tochepa. Mwana wowerenga sapusa. Amadziwa kuti chimene chajambulidwa chachikulu ndicho chofunika.

Ndisakunamizireni kuti nthanoyi sinadzifunse yokha. Namwino wa pasukulupo, gogo uja wochiritsa ndi kupsompsona, anamukalipira All Might ndipo anati mabala a mtundu umenewu sadzawachiritsanso. Koma pamene ndinaika foni pansi n'kupuma kaye ndi pa Inko Midoriya, mayi a mnyamatayo. Sukulu itaganiza zoti ana onse azigonera konko, aphunzitsi anayenda m'makomo kupempha chilolezo. Makolo ena anavomera msanga. Mayiwa anakana. Analibe mphamvu yoopsa, analibe dzina, anali mayi wamba amene waona mwana wake pa wailesi ya kanema akudziphwanya mafupa, ndipo anauza munthu wolemekezeka kuposa onse m'dzikomo kuti sukulu yake sangaikhulupirire. All Might anagwada mpaka kugunditsa chipumi pansi, nalonjeza kuti amuteteza mwanayo ngakhale zitatengera moyo wake. Mayiwo anakana lonjezo limenelinso. Anamuuza kuti moyowo asaupereke, akhale ndi moyo kuti mwanayo amuteteze ndi kumulera.

Akuluakulu, m'magawo 430 onse palibe munthu anayankhula zanzeru kuposa mayi ameneyu. Ndiye n'chifukwa chiyani atangovomera, nthano inapitirira ngati sanayankhule? Mwana anapita kukagonera kusukulu, mabala anawonjezeka, ndipo pofika kumapeto ana a kalasi yoyamba ndi amene anali kutsogolo kwa nkhondo ya dziko lonse, pamene ngwazi zambiri zazikulu zinali zitavula mayunifolomu n'kusiya ntchito. Kwathu amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. M'nthanomu moto ukabuka, akuluakulu amakhala pa msonkhano n'kugawa ana kuti uyu apite uku, uyu apite uko.

Tsopano ndikuuzeni chimene chandilembetsa kalatayi. Mnyamata wanga ali Fomu 3, ndinaona kuti wayamba kudya ndi dzanja lamanzere. Ndinkayesa ndi chibwana. Patapita masiku ndinamupeza usiku akulemba homuweki, cholembera chili kumanzere, zilembo zili ngati nkhuku yapalasa.

"Iwe, dzanja lamanjalo latani?"

"Palibe, amalume."

"Tabwera nalo kuno."

Linali litatupa ngati chinangwa. Kufufuza, ndinapeza kuti kwa miyezi iwiri ankazemba Loweruka m'mamawa kukachita ganyu yotsitsa matumba a simenti, ndalama n'kumatumizira mayi ake kumudzi. Thumba lina linamugwera, ndipo anakhala masabata awiri osauza munthu. Kuchipatala anati fupa linang'aluka, anamuika chikhakha. Pobwerera, tili mu minibasi, ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anamwetulira, kumwetulira kouma kuja ndinakuzindikira pompo, n'kunena kuti ngwazi sionetsa kuti ikumva kuwawa, chifukwa anthu amene ikuwathandiza angade nkhawa.

Sindikunena kuti nthano yanu ndi imene inamutuma kukasenza simenti. Unamutuma ndi umphawi ndi chisoni chomvera mayi ake, ndipo inenso ndili ndi mlandu wanga posaona msanga. Koma mawu obisira bala, ndi ulemu umene ankaumva pobisapo, anazitenga pa foni yanga Lamulungu madzulo. Ndipo apa ndi pamene nthano imanama. Midoriya pa nkhondo yomaliza anaduka mikono yonse iwiri, koma inabwezeretsedwa ndi mphamvu ya Eri. Mtima wa Bakugo unaima, ngwazi ina n'kudzisandutsa ulusi kukausoka m'kati. Mirio mphatso yake inabwerera. Wolemba ali ndi njira zobwezera chimene watenga. Mwana wa ku Nagoya kapena wa ku Ntcheu alibe gogo wopsompsona mafupa. Ali ndi chikhakha, ndipo mayeso sadikira.

Zotuma ana kutsogolo inu a ku Japan simufunika kuuzidwa ndi mphunzitsi wa ku Malawi. Pa 21 Okutobala 1943, mvula ikugwa, ophunzira a m'mayunivesite anaguba pa bwalo la Meiji Jingu Gaien mu Tokyo momwemo, akutsanzikidwa kupita kunkhondo. Mu 1945 ku Okinawa, atsikana asukulu 222 ndi aphunzitsi awo 18, amene amakumbukiridwa ndi dzina la Himeyuri, anatumidwa kukasamalira asilikali ovulala m'mapanga, ndipo 136 mwa iwo sanabwerere. Anali a msinkhu womwewu wa kalasi ya Midoriya. Nawonso anauzidwa kuti kudzipereka n'kokongola. Magazini yanu yomweyi mu 1973 inalimba mtima kusindikiza Barefoot Gen ya Keiji Nakazawa, munthu amene anapulumuka bomba la ku Hiroshima ali ndi zaka 6, ndipo nthano imeneyo sinanyengerere akuluakulu amene anatengera ana ku imfa. Ndiye si kuti nyumba yanu siidziwa njira imeneyi. Inayendamo kale.

Musandimve ngati ndikufananitsa Horikoshi ndi olemba zokopa ana kunkhondo. Ayi. Iye mwini anasonyeza kuola kwa dongosololi pa ngwazi yotchedwa Hawks, amene bungwe la boma linamutenga ali kamwana, kumuphunzitsa, n'kumusandutsa kazitape. Chimene ndikunena n'chakuti dziko limene lili ndi mbiri yotere, limene chilankhulo chake chili ndi mawu akuti gaman otamanda kupirira mwakachetechete, ndi akuti karoshi onena za kufa ndi ntchito, limene mu 2022 ana asukulu 514 anadzipha, liyenera kusamala ndi chimene likuuza mwana wa zaka 13 Lolemba lililonse. Imfa zimenezo zifukwa zake n'zambiri ndipo sindikuzikoleka pa inu. Koma mwana amene akuvutika yekha, nthano imene ali nayo m'chikwama imuuze kuti kunena si manyazi.

Ndipo chondipweteka n'chakuti nthanoyi inadziwa kunena zimenezo, ndipo pamene inazinena ndi pamene inakoma kuposa pena paliponse.

Kumbukirani ku Kamino, dera limene zigawenga zinakabisako Bakugo zitamuba. Anzake asanu anapita mozemba, osati kukamenya nkhondo, koma kukamutulutsa. Midoriya anadziwa kuti dzanja lake Bakugo sangaligwire chifukwa cha kunyada, ndiye anakonza kuti wotambasula dzanja akhale Eijiro Kirishima, amene Bakugo ankamuona ngati mnzake. Umenewutu ndiye ubwenzi: kudziwa kufooka kwa mnzako n'kumupezera khomo loti atulukire osachita manyazi. Palibe fupa linathyoka kuti chithunzi chimenecho chigwire mtima. Pambuyo pake Tsuyu Asui, mtsikana amene anawaletsa kuti asapite, analira pamaso pawo chifukwa mawu ake anali owawa ndipo ankaopa kuti chinzake chatha. Mphunzitsi wawo, Aizawa, anawauza kuti zikanakhala nthawi zina akanachotsa sukulu pafupifupi kalasi yonse, opitawo ndi odziwa osanenawo. Monga mphunzitsi ndinamuvomereza. Monga malume ndinawamvetsa anawo. Nthano ikakusiya uli pakati chonchi ndiye kuti yagwira ntchito.

Koma pachimake ndi pamene Midoriya anathawa sukulu. Anasiya makalata pa zitseko za anzake, n'kupita yekha kukasaka zigawenga, poganiza kuti akakhala pafupi ndi anthu awaika pa ngozi. Sankagona, sankasamba, chakudya ankakana, zovala zili nsanza, mpaka anthu amene ankawapulumutsa ankamuthawa poyesa kuti ndi chilombo. Aliyense akamufunsa ankati ali bwino. Ameneyu ndiye mnyamata wanga mu minibasi muja. Ndipo amene anamubweza si akuluakulu. Ndi kalasi yake yonse, imene inamuthamangitsa mumzinda mvula ikugwa, aliyense akumukumbutsa kanthu kakang'ono kamene anamuchitira. Bakugo, amene m'gawo loyamba anamuuza kuti akadziponye kuchokera padenga, anaweramitsa mutu n'kupepesa. Owerenga anadikira zaka 7 kuti amve kupepesa kumeneko. Atafika naye pachipata cha sukulu, anthu othawa nkhondo amene anabisala mmenemo anakana kuti alowe, ndipo Ochaco Uraraka analanda chimkuzamawu, kukwera padenga, n'kuwapempha kuti amulole mnyamatayu apume, chifukwa naye ndi mwana wasukulu chabe. Kenako anzake anamutengera kubafa.

Kubafa, akuluakulu. Atatha masabata akumenyana ndi zigawenga zoopsa, chimene chinamupulumutsa ndi madzi otentha ndi tulo. Chikhakha chitachoka, magawo amenewa ndinawawerenganso ndi mnyamata wanga. Sindinamulalikire. Ndinangomufunsa kuti pa anthu onsewa ngwazi ndi ndani. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Amalume, mwandigwira."

Palinso gogo wa mumsewu uja. Chigawenga chachikulu cha nthanoyi, Tomura Shigaraki, chinali kamwana kotchedwa Tenko kamene kanayendayenda mumsewu kali kokha banja lake litatheratu. Anthu ankakaona n'kupitirira. Gogo wina anayandikira, koma ataona nkhope yake anabwerera m'mbuyo, poganiza kuti ngwazi kapena apolisi abwera. Dziko limene lasiyira chifundo chonse anthu ochepa ovala mayunifolomu, ena onse amangokhala oonerera. Kumapeto kwa nthano, gogo yemweyo anakumana ndi mwana wina wosokonezeka mumsewu, ndipo ulendo uno anamugwira dzanja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zikanakhala kuti masamba awiri aakulu aja amaperekedwa kwa woyenera, akanapatsidwa gogoyu.

Ndiye nthano imodzi yomweyi ili ndi mitima iwiri. Wina umati dziphwanye ndipo tikuimbira m'manja. Wina umati mutu umodzi susenza denga. Funso langa kwa inu ndi lakuti, mwa mitima iwiriyi, umene dongosolo la magazini yanu limaudyetsa ndi uti?

Dongosololo timalidziwa. Owerenga amavotera nthano zitatu zimene zawasangalatsa sabata imeneyo, kale pa kakhadi kotumiza pa positi, lero ndi pa intaneti pomwe. Yotsalira m'mbuyo imasunthidwira kumasamba a kumapeto, kenako imadulidwa, ina isanakwanitse ngakhale miyezi isanu. Horikoshi mwiniwake anadulidwa kawiri asanafike pa My Hero Academia, ndipo nthano yake yachiwiri, Barrage, inathera pa mabuku awiri okha mu 2012. Munthu amene walumidwapo chonchi amadziwa kuti sabata iliyonse ayenera kupereka chinthu chokweza mtima kuposa cha sabata yatha. Dzulo chala, lero mkono, mawa mtima. Gawo la mwana akugona kapena akulira kwa mayi ake ndi lovuta kulipikisanitsa ndi gawo la nkhonya ya mnzake wa tsamba lotsatira. Sindikuti mutaye mavoti, ndi amene anakupezerani nthano zimene dziko lonse likuwerenga. Koma mavoti ndi mawu a ana, ndipo mwana ukamufunsa chimene akufuna kudya tsiku lililonse anena shuga. Mkonzi alipo kuti pena anene kuti gawo ili likhale ngakhale livoteredwe pang'ono.

Pali nsembe ina imene sijambulidwa, ya ogwira cholemberawo. Masamba pafupifupi 19 sabata iliyonse, chaka ndi chaka. Ife a Lamulungu madzulo tinazolowera kutsegula foni n'kupeza uthenga woti gawo la My Hero Academia kulibe chifukwa wolemba sakupeza bwino, makamaka mu 2022 ndi 2023. Yoshihiro Togashi wa Hunter × Hunter anakhala pafupifupi zaka 4 osatulutsa gawo, kuchokera kumapeto kwa 2018 mpaka 2022, ndipo iye mwini analemba kuti kwa zaka ngati ziwiri sankatha kukhala pampando chifukwa cha msana. Gege Akutami wa Jujutsu Kaisen mu 2021 gawo lake linatuluka zithunzi zina zisanamalizidwe, kenako anapuma mwezi. Eiichiro Oda, amene wakhala akujambula One Piece kuchokera mu 1997, anaima masabata anayi mu 2023 kukachitidwa opaleshoni ya maso. Lamulo la ku Japan limene linayamba mu Epulo 2019 limati maola owonjezera pantchito asapitirire 45 pamwezi ndi 360 pachaka, koma limeneli ndi la olembedwa ntchito, ndipo wojambula nthano za zithunzi si wolembedwa ntchito wanu. Ndi munthu wodziimira yekha amene amadzilamula yekha kuti asagone.

Ndikuyamikeni pamene mwachita bwino. Oda munamupatsa sabata yopuma pafupifupi mwezi uliwonse. Togashi munamuchotsa pa goli la sabata ndi sabata. Pa Shōnen Jump+, magazini yanu ya pa intaneti, pali nthano zimene zimatuluka pakatha masabata awiri ndipo owerenga sanathawe. Koma taonani amene amapatsidwa mpumulo: ndi amene agulitsa kale mamiliyoni, kapena amene thupi lakana kale. Mnyamata wa zaka 23 amene nthano yake yangolowa kumene, ali kumasamba a kumapeto, angayerekeze kupempha sabata? Ameneyutu ndi Midoriya wa nsanza uja, wonena kuti ali bwino. Ndipo sizindidabwitsa kuti munthu wogona maola atatu amalemba ngwazi zosagona. My Hero Academia inapitirira makope 100 miliyoni mu 2024. Ndalama zogulira mpumulo zilipo. Ikani mpumulo m'pangano la wolemba aliyense kuyambira tsiku loyamba, kuti asachite kuupempha atagwada. Ife tidikira. Tinadikira kale zaka 7 kuti Bakugo apepese.

Pa nthano zimene zikubwerazo, sindikupempha kuti muchotse nkhondo kapena magazi. Ndinali mnyamata inenso, ndipo nthano yopanda ngozi palibe mwana angaiwerenge. Ndikupempha kuti wolemba akakubweretserani gawo la mwana akudzithyola, mumufunse kuti akuluakulu a m'nthanoyi ali kuti, ndipo ngati alipo n'kumangoonerera, nthano iwaimbe mlandu. Bala likhale bala, mwana wowerenga aone mtengo wake mpaka kumapeto, osati kumera mkono wina gawo lotsatira. Mayi ngati Inko akayankhula, mawu ake asinthe kanthu. Ndipo atsikana musamangowapatsa ntchito yolira ndi yopukuta magazi. Uraraka anapulumutsa mnzake ndi chimkuzamawu, anakamvetsera Himiko Toga, mtsikana wachigawenga amene aliyense ankamutcha chilombo, ndipo atakula anadzipereka pa uphungu wa ana. Anayenera masamba ochuluka kuposa amene anapatsidwa.

Za mathero ndinene pang'ono, poti ambiri anakwiya nawo. Midoriya anataya mphamvu ija, ndipo patapita zaka 8 tinamupeza ali mphunzitsi pa U.A. pomwepo. Pa intaneti anamuseka kwambiri, ngati kuti kugwira choko ndi chilango. Mnyamata wanga atafika pa tsamba limenelo anakuwa kuti, "Aaa, basi angokhala mphunzitsi?" Kenako anakumbukira amene wagwira foni, n'kuyang'ana kumbali. Ndinaseka mpaka misozi. Ine mathero amenewo anandikwanira. Kenako zinadziwika kuti anzake a m'kalasi, Bakugo ali patsogolo, akhala akusonkherana ndalama zomupangira chovala cha makina kuti abwererenso ku ungwazi. Chipereganyu cha zaka zambiri chothandizira munthu mmodzi, chimenecho ndinachikonda, chifukwa ubwenzi wa akuluakulu umaoneka pa thumba. Chimene chinandikhumudwitsa pang'ono n'chakuti nthano inaoneka ngati ikuchita manyazi kumusiya ali m'kalasi. Koma pamenepo mwina ndi umphunzitsi wanga ukuyankhula, musandimvere kwambiri.

Dzanja la mnyamatayo linapola, ngakhale kukazizira amati limamuluma. Ndalama za mayi ake tsopano timatumiza tonse poyera, iye akuonerera ndikamatumiza pa foni, ndipo ganyu amachita ya patchuthi yokha, yopepuka, nditaidziwa. Lamulungu madzulo timakhalabe pakhonde. Wayamba nthano ina yatsopano ya m'magazini mwanumo, ndipo wandiuza kale kuti mnyamata wake ndi woopsa. Ine ndamuuza kuti ndiwerenga magawo 10, ndione ngati mnyamatayo ali ndi malume.

Ine wanu wowerenga,
Mphunzitsi ndi malume,
Malawi.